AYIRONI AKASOWA, CHIPHE CHIMAPEZA POLOWERA

Inu mayi, mukapita ku sikelo muli woyembekezera, anamwino amakupatsani mankhwala owonjezera magazi. M'mankhwala amenewa muli mchere wotchedwa ayironi, ndipo ambiri timadziwa kuti popanda ayironi magazi amachepa. Koma ayironi ali ndi ntchito inanso imene siitchulidwa kawirikawiri. Amathandiza kutchinga zitsulo zina zaululu kuti zisalowe zambiri m'thupi kudzera m'chakudya. Nkhani imeneyi imayambira ku munda, pa mizu ya mbewu.

Kodi mbewu nazo zimafuna ayironi?

Inde. Mpunga, chimanga, mapira ndi tirigu zimamwa ayironi m'nthaka kuti masamba abiriwire. Mbewu ikasowa ayironi, masamba anthete a kunsonga amasanduka achikasu, mitsempha yokha ndiyo imatsala yobiriwira, pamene masamba akale a kunsi akali bwinobwino. Mbewu yotere imayesetsa kudzipulumutsa. Mizu yake imatulutsa timadzi tosungunula ayironi wa m'dothi. Mpunga umachulukitsanso tizipata ta pa mizu timene ayironi amalowerapo.

Vuto ndi lakuti tizipata timeneti sitisankha bwino. Pali chitsulo china chaululu chotchedwa kadimiyamu. Mbewu ilibe nacho ntchito konse, koma chimafanana ndi ayironi, zinki ndi manganizi, tsono chimalowera pa tizipata tomwe timalandira michere imeneyi. Mpunga ukatsegula tizipata tambiri chifukwa cha njala ya ayironi, kadimiyamu naye amalowa wambiri, n'kukwera mpaka m'ngala. Pa mbewu zonse za mtunduwu, mpunga ndiwo umavuta kwambiri. Chimanga chimasunga kadimiyamu wochuluka m'mizu ndi m'masamba, wochepa ndiye amafika m'maso a chimanga.

Dothi lililonse lili ndi kadimiyamu pang'ono zedi, wosati n'kudetsa nkhawa. Amachuluka pafupi ndi migodi ya zinki ndi mtovu, pafupi ndi mafakitale ena, ndi pamalo otayira zinyalala zokhala ndi mabatire.

Zimene zinachitika ku Japan

Ku Japan, m'chigawo cha Toyama, kuli mtsinje wotchedwa Jinzu. Kumtunda kwake kunali mgodi wa Kamioka, ndipo kwa zaka zambiri zonyansa za mu mgodiwo zinkapita mu mtsinje. Alimi a kumunsi ankathirira mpunga ndi madzi omwewo, ena ankamwanso. Mpunga unkapsa bwino pa mbale, sunkawawa, sunkanunkha. Koma anthu anayamba kudwala impso, mafupa awo anafewa mpaka ena ankathyoka nthiti pongotsokomola. Odwala ankalira kuti "itai, itai", ndiye kuti "kuwawa, kuwawa", ndipo nthendayo inatchedwa itai-itai. Dokotala wa m'deralo, Noboru Hagino, ananena mu 1961 kuti gwero lake ndi kadimiyamu. Boma la Japan linavomereza zimenezi mu 1968. Ntchito yochotsa dothi loipa m'minda ndi kuika lina inayamba mu 1979, inatha mu 2012.

Tsono taonani ichi. Amuna ndi akazi ankadya mpunga umodzimodzi, pa nyumba imodzimodzi. Koma pafupifupi onse amene anadwala kwambiri anali amayi achikulire, ambiri mwa iwo obereka ana angapo.

Chifukwa chiyani amayi?

Chimodzi mwa zifukwa zake ndi chakuti matumbo a munthu amachita monga mizu ya mpunga ija. M'makoma a matumbo muli tizipata tolandirira ayironi wa m'chakudya. Thupi likakhala ndi ayironi wokwanira, tizipata timeneti timachepa, ndipo kadimiyamu wambiri amene munthu wadya amangotuluka ndi chimbudzi. Thupi likasowa ayironi, tizipata timachuluka, ndipo kadimiyamu wolowa m'magazi amawirikiza kangapo.

Nanga amene amasowa ayironi kawirikawiri ndani? Ndife amayi. Timataya magazi mwezi ndi mwezi. Mwana wa m'mimba amatenga ayironi kwa mayi wake. Pobereka timatayanso magazi, ndipo mimba zikamabwera motsatizana thupi silipeza mpata wobwezera. Kwathu kuno onjezanipo malungo ndi njoka za m'mimba. Choopsa cha kadimiyamu n'chakuti akalowa satuluka msanga. Amakhazikika mu impso kwa zaka 10 mpaka 30, kotero wa chaka chino amakapeza wa chaka chatha ali pomwepo.

Nanga mtovu?

Mtovu ndi chitsulo chija chimene chimapezeka m'mabatire a galimoto, omwenso ambiri timalumikiza ku sola. Khalidwe lake m'munda ndi losiyana. Mtovu wambiri umatsalira m'mizu, sufika wochuluka m'maso a chimanga kapena a mpunga. Umatipeza kudzera m'fumbi: pa ndiwo zamasamba zosatsuka, pa ufa woyanika pansi, ndi m'manja mwa mwana wokwawa. Mwana wamng'ono akameza mtovu, thupi lake limatenga wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo mwana wosowa ayironi amatenganso woposerapo. Mtovu umaononga bongo. Mwana amachedwa kulankhula, kusukulu zimamuvuta, koma pomuona amaoneka wabwinobwino.

Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90. Patapita zaka zambiri mgodi utatsekedwa, ana a m'makomboni oyandikana nawo ankapezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha fumbi la pabwalo pamene ankasewera.

Kodi tileke kudya mpunga?

Iyayi. Mpunga wolimidwa pa nthaka yabwino ndi madzi abwino ndi chakudya chabwino. Chofunika ndi kusamala pamene mukulima. Musalime dimba pa dzala la kale la m'tauni kapena pamene anthu amaswera mabatire, ndipo musathirire mbewu ndi madzi ochokera ku fakitale kapena ku mgodi. Kuphika sikuchotsa zitsulo zimenezi, chifukwa si tizilombo toti tingafe ndi moto. Mpunga wa m'madzi ambiri umapeza ayironi mosavuta ndipo umamwa kadimiyamu wochepa kusiyana ndi wa pouma, n'chifukwa chake alimi a ku Japan amalangizidwa kusunga madzi m'munda pa nthawi imene mpunga ukutulutsa ngala. Masamba anthete akamachita chikasu m'munda mwanu, kaitaneni alangizi a zaulimi adzaone.

Koma kumene inu mayi muli ndi mphamvu kwambiri ndi pa mbale panu. Mankhwala owonjezera magazi aja muzimwa tsiku lililonse monga anamwino anenera. Amayi ena amawasiya chifukwa chimbudzi chada kapena akuchita nseru. Kuda kwa chimbudzi sikoopsa, ndipo nseru imachepa mukamwa mutadya kapena pogona. Muwasunge patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri angathe kufa.

Idyani usipa, matemba, nyama ikapezeka, nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe ndi chisoso. Ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba amalowa bwino m'thupi mukadyera pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje, malambe kapena masau. Tiyi amatchinga ayironi, tsono musamwere nsima. Dikirani papite ola limodzi kapena awiri.

Pali chizolowezi china chimene ambiri timachita mobisa tikakhala ndi pakati, ndicho kudya dothi la pa chulu kapena logula pa msika. Kawirikawiri chilakolako chimenechi chimasonyeza kuti ayironi wachepa m'thupi. Dothilo silibwezera ayironiyo, koma lingathe kukhala ndi mtovu ndi mazira a njoka za m'mimba, ndipo likulowa pa nthawi imene tizipata tija tatseguka kwambiri. Musachite manyazi. Auzeni anamwino kuti mukulakalaka dothi, akuyezeni magazi.

Fodya nayenso amakoka kadimiyamu m'nthaka n'kumusunga m'masamba, ndipo utsi wake umamufikitsa m'mapapo. Ngati bambo a kunyumba amasuta, apempheni azisutira panja, kutali ndi inu ndi ana.