Mwana wothawa kwawo akafika pasukulu, timuike kalasi iti?



Mwana akafika pasukulu pakati pa teremu, alibe lipoti la sukulu yake yakale, Chingerezi sakumva, Chichewa akungodziwa moni basi, mphunzitsi wamkulu amuike kalasi iti? Funso limeneli limavuta ku Stockholm, ku Berlin, ku Kakuma ndi ku Dowa komwe. N'chifukwa chake aphunzitsi a m'mayiko osiyanasiyana akhala akuyenderana kuti aone mmene anzawo amalandirira ana othawa nkhondo ndi ana a anthu osamuka.

Ku Ulaya maulendo ambiri otere amalipiridwa ndi pulogalamu ya Erasmus+, yomwe bungwe la European Union lidayamba mu 2014. Mphunzitsi amapita dziko lina, nakhala kumbuyo kwa kalasi ya mnzake masiku angapo, kumaona ndi kufunsa. Nkhani ya ana othawa kwawo idakula m'maulendowa kuyambira 2015, chaka chomwe dziko la Sweden lokha lidalandira anthu pafupifupi 163,000 opempha malo, mwa iwo ana oposa 35,000 omwe adafika opanda kholo.

Chimene chili choyenera kuchionetsetsa ku Sweden si nyumba zokongola za sukulu ayi, koma kucheza koyamba ndi mwana. Kuyambira mu 2016 lamulo lakumeneko limati sukulu ifufuze zimene mwana wongofika akudziwa kale isanathe miyezi iwiri, ndipo mphunzitsi wamkulu asankhe kalasi potengera zomwe apezazo komanso msinkhu wa mwanayo. Kufufuzaku kumachitika m'chilankhulo chimene mwanayo amachidziwa bwino, ndi womasulira ngati kuli kofunika. Amayamba n'kufunsa zilankhulo zimene amalankhula, zaka zimene adakhala pasukulu ndi ntchito zimene adagwirapo. Kenako amaona kuwerenga, kulemba ndi masamu.

Phindu lake limaoneka pa zinthu zazing'ono. Mwana wa ku Congo kapena ku Burundi yemwe adaphunzira m'Chifalansa amalemba 3,5 pomwe ife timalemba 3.5, ndipo samu yogawa amaiyala mosiyana ndi mmene timaiyalira kuno. Mphunzitsi wosadziwa zimenezi amangothetha ndi cholembera chofiira n'kumati mwanayu masamu sadziwa, pomwe yankho lake ndi lolondola. Chimodzimodzi mwana wa ku Somalia yemwe sadziwa zilembo za Chingerezi koma adapita kumadrasa, amawerenga Chiarabu ndipo adaloweza majuzu angapo a Qur'an. Ameneyo si mbuli. Akudziwa kale kuti chilembo chimaimira liwu, akudziwa kukhala pansi n'kubwereza phunziro mpaka litalowa. Kumubwezera kwa ana aang'ono ngati sanaonepo buku n'kumutayira zaka, ndipo wamsinkhu wa Fomu 2 ukamukhazika pakati pa tiana, sachedwa kusiya sukulu. Ife a sukulu za Chisilamu tiyenera kukhala oyamba kuzindikira zimenezi, poti ambiri a ife tidadutsa pamphasa ya madrasa.

Pali nkhani ina yomwe aphunzitsi samvana ngakhale atayenderana chotani: kodi ana ongofika akhale m'kalasi yawoyawo kufikira atadziwa chilankhulo, kapena alowe ndi anzawo tsiku loyamba? Ku Berlin adatsegula makalasi apadera otchedwa Willkommensklassen, omwe ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa Chijeremani. Amathandiza, koma mwana akakhalitsamo amangocheza ndi alendo anzake. Sweden idaika malire akuti kalasi yokonzekera isapitirire zaka ziwiri, ndipo mwana azilowako maphunziro ena ndi anzake a kalasi wamba. Dziko la Turkey poyamba lidali ndi malo ophunzirira apadera a ana a ku Syria, ophunzitsa m'Chiarabu, koma kuyambira 2016 lidayamba kuwatseka pang'onopang'ono n'kulowetsa anawo m'sukulu za boma. Kwa ine, malire a Sweden ndi anzeru. Chilankhulo chimalowa msanga pabwalo la mpira ndi pamzere wa nsima kuposa pabolodi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za mayiko a ndalama, ife tikiti ya ndege tiipeza kuti? Yankho lina lili ku Kenya. Kumsasa wa Kakuma, womwe udatsegulidwa mu 1992 m'dera la Turkana, aphunzitsi ambiri ndi othawa kwawo omwe sanapite kukoleji ya uphunzitsi, ndipo makalasi ena amapitirira ana 100. Mu 2016 Teachers College ya pa Columbia University ku New York, mogwirizana ndi UNHCR ndi mabungwe ena, idayambitsa ntchito yotchedwa Teachers for Teachers. Aphunzitsi ankalandira maphunziro, ankakumana m'timagulu kuti athandizane okhaokha, kenako ankalumikizidwa pa WhatsApp ndi aphunzitsi odziwa ntchito a m'mayiko ena. Wa ku Kakuma ankalemba vuto limene wakumana nalo tsiku limenelo, anzake namuyankha ali kwawo. Palibe amene adakwera ndege kuti ayankhe funso.

Nkhaniyi si yakutali ndi ife. Msasa wa Dzaleka ku Dowa udatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale padali ndende, ndipo lero uli ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likuyendetsa sukulu kumeneko zaka zambiri, ndipo ana amalemba mayeso a MANEB omwe ana athu amalemba. Aphunzitsi a kumeneko amadziwa zokonzekeretsa mwana wa Chiswahili ndi Chifalansa mayeso a MSCE kuposa mlendo aliyense wochokera kunja, ndipo ulendo wa ku Dowa ndi wa minibasi. Tisaiwalenso ana athu obwerera kuchokera ku Johannesburg ndi ku Durban, omwe amafika ku Mangochi kapena ku Machinga akulankhula Chizulu ndi Chingerezi, Chichewa cha m'mabuku chikuwavuta. Iwo si othawa nkhondo, koma funso la kalasi ndi lomwe lija.

M'mbiri yathu, Maswahaba atasamukira ku Madinah mu 622, Mtumiki (SAW) adamanga ubale pakati pa osamukawo ndi eni mudzi. Abdur-Rahman bin Auf (RA) atapatsidwa mwayi wogawana chuma ndi m'bale wake watsopano, Sa'd bin Rabi (RA), adangopempha kuti amulozere msika, poti malonda ankawadziwa kale. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sungakaone usanamufunse.

Kucheza koyambako sikufuna kompyuta. Kumafuna ola limodzi, pepala, mphunzitsi woleza mtima ndi munthu wamkulu womasulira. Wophunzira mnzake angathe kumuonetsa mlendo chipinda chogona, malo opangira wudhu ndi nthawi ya Swala, koma asakhale womasulira pa nkhani za banja. Ndipo mafunso akhale a sukulu. Za mmene adathawira ndi amene adatsala m'njira, mwana adzanena yekha ngati afuna, kwa munthu amene wamusankha.