Mpando wasintha ku Maputo, nanga nkhondo ya ku Cabo Delgado?

Pa 15 Januwale 2025, a Daniel Chapo adalumbiritsidwa mumzinda wa Maputo kukhala mtsogoleri wachisanu wa dziko la Mozambique. Pamodzi ndi mpandowo, iwo adalandiranso nkhondo imene adaisiya a Filipe Nyusi, yolimbana ndi zigawenga m'chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, kumalire ndi Tanzania. Chiyambire m'chaka cha 2017, nkhondoyi yapha anthu oposa 6,000 ndipo yasamutsa anthu oposa 1 miliyoni m'midzi mwawo. Ambiri mwa anthuwa ndi alimi ang'onoang'ono a chinangwa, chimanga, mpunga ndi chitowe, komanso asodzi a m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'chifukwa chake chisankho chilichonse chimadzetsa chiyembekezo chakuti mtsogoleri watsopano athana ndi zomwe zidamukanika mnzake. Koma zomwe zachitika ku Cabo Delgado zikusonyeza kuti zigawenga sizinjenjemera ndi dzina latsopano kunyumba ya boma. Mphamvu zawo zimakula kapena kuchepa malingana ndi zomwe boma likuchita pamudzi, ndipo nyengo yosinthana mpando imatha kuzipatsa mpata wopumira.

Mmene moto udayambira

Pa 5 Okutobala 2017, gulu la anyamata onyamula mfuti ndi zikwanje lidaukira polisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Anthu akumeneko amalitcha gululi Al-Shabaab, mawu a Chiarabu otanthauza achinyamata, ngakhale kuti ndi losiyana ndi gulu la dzina lomweli la ku Somalia. Kuyambira 2019, gulu la Islamic State lidayamba kulengeza kuti zigawengazi ndi nthambi yake.

Gululi limagwiritsa ntchito dzina la chipembedzo, koma atsogoleri a Chisilamu a m'derali ndiwo adayamba kuchenjeza boma za ilo nkhondo isanabuke, ndipo Asilamu ambiri ali m'gulu la ophedwa ndi othawa. Chimene chidalipatsa anthu olitsatira ndi mkwiyo wa achinyamata osowa pogwira. Cabo Delgado ndi chimodzi mwa zigawo zosaukitsitsa m'dziko la Mozambique, pamene nthaka ndi nyanja yake zili ndi chuma chankhaninkhani. M'chaka cha 2009 ku Montepuez kudapezeka miyala yamtengo wapatali ya ruby, ndipo mu 2010 pansi pa nyanja, kufupi ndi Palma, padapezeka gasi wochuluka zedi. Anthu wamba adaona minda ikutengedwa, ntchito zabwino zikupita kwa obwera, ndipo mu 2017 okumba miyala ang'onoang'ono adathamangitsidwa mwankhanza ku Montepuez. Pa nthaka yotere mbewu ya uchigawenga sidachedwe kumera.

Zaka za a Nyusi

A Nyusi, amene adalamulira kuyambira 2015 mpaka 2025, ndi mbadwa ya ku Mueda m'chigawo chomwechi, ndipo adakhalapo nduna ya zachitetezo. Ambiri ankaganiza kuti munthu wotere sangavutike kuzimitsa moto wa pakhomo pake. Komabe kwa zaka pafupifupi zinayi boma lawo lidakana kulandira asilikali a maiko oyandikana nalo. M'malo mwake lidalemba ganyu asilikali a Wagner a ku Russia mu 2019, amene adachoka patangotha miyezi yochepa anzawo ena ataphedwa, kenako kampani ya Dyck Advisory Group ya ku South Africa mu 2020.

Zinthu zidapitirira kuipa. Mu Ogasiti 2020 zigawenga zidalanda tauni ya Mocímboa da Praia ndi doko lake, ndipo zidakhalamo chaka chathunthu. Pa 24 Malichi 2021 zidaukira Palma, pafupi ndi malo amene kampani ya ku France ya TotalEnergies inkamanga fakitale ya gasi ya ndalama zokwana madola 20 biliyoni a ku America. Kampaniyo idaimitsa ntchito mwezi wotsatira.

Apa m'pamene boma lidasintha maganizo. Mu Julayi 2021 dziko la Rwanda lidatumiza asilikali ndi apolisi 1,000, ndipo bungwe la SADC nalo lidatumiza gulu lake lotchedwa SAMIM, momwe mudali anthu ochokera ku South Africa, Botswana, Lesotho, Tanzania ndi maiko ena, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Pofika Ogasiti chaka chomwecho, Mocímboa da Praia idabwerera m'manja mwa boma, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira anthu mazanamazana adayamba kubwerera kwawo.

Mfundo yofunika kuigwiritsa ndi yakuti kusintha kwakukulu kwa nkhondoyi kudachitika popanda chisankho. Mtsogoleri adali yemwe uja, chipani chidali chomwe chija, ndipo chimene chidasintha ndi ndondomeko. Ngakhale zidali choncho, zigawenga sizidathe. Zidamwazikana m'timagulu ting'onoting'ono, n'kufika ku Mecula m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021 ndi ku Memba m'chigawo cha Nampula mu Sepitembala 2022. Pamene asilikali a SAMIM ankalongedza katundu chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, zigawenga zidalowa m'tauni ya Macomia mu Meyi 2024. Ntchito ya SAMIM idatha mu Julayi chaka chomwecho, kutangotsala miyezi itatu kuti dziko lichite chisankho.

Nyengo yosinthana mpando

Chisankho chidachitika pa 9 Okutobala 2024. Zotsatira zake, zomwe zidapereka chipambano kwa a Chapo a chipani cha Frelimo, zidakanidwa ndi a Venâncio Mondlane ndi owatsatira, ndipo zionetsero zidagwedeza dziko kwa miyezi yoposa itatu. Mabungwe omwe si aboma adawerengera anthu oposa 300 ophedwa, ambiri mwa iwo ochita kuomberedwa ndi apolisi.

M'miyezi imeneyi maso a boma adali pa misewu ya Maputo, Matola ndi Nampula. Pa 15 Disembala namondwe wa Chido adaomba m'mphepete mwa nyanja ku Cabo Delgado n'kugwetsa nyumba zambirimbiri, kuphatikizapo za anthu amene adali atathawa kale nkhondo. Pa tsiku la Khirisimasi akaidi oposa 1,500 adathawa kundende yaikulu kufupi ndi Maputo, ndipo mkulu wa apolisi wa nthawiyo, a Bernardino Rafael, adati ena mwa iwo adali omangidwa pa milandu ya uchigawenga. Chipwirikiticho chidakhudzanso Malawi: mabanja ambiri a ku Mozambique adawolokera ku Nsanje, ndipo mafuta agalimoto odzera ku Beira ndi Nacala adavuta kufika.

Nyengo ngati imeneyi imafooketsa chitetezo m'njira zodziwika. Apolisi ndi ndalama zimatembenukira kumizinda kumene kuli mpungwepungwe. Akuluakulu a boma amazengereza kupanga ziganizo podikira kuti adziwe ngati akhalabe pa maudindo awo. Choopsa kwambiri n'chakuti nzika zikaona apolisi akuombera anthu opanda zida, zimaleka kuwakhulupirira, pamene nkhondo yolimbana ndi zigawenga imadalira anthu a m'midzi amene amaulula zachilendo zomwe aona kutchire.

Chaka choyamba cha a Chapo

A Chapo si mlendo ku Cabo Delgado, pakuti adakhalapo mkulu woyendetsa boma la Palma asanakhale bwanamkubwa wa chigawo cha Inhambane mu 2016. Atangolowa m'boma adachotsa mkulu wa apolisi, koma adasunga a Cristóvão Chume ngati nduna ya zachitetezo. Mu Malichi 2025 adakumana ndi a Mondlane, zomwe zidathandiza kuziziritsa mitima m'mizinda. Mu Ogasiti adapita ku Kigali kukalimbitsa mgwirizano wa zachitetezo ndi a Paul Kagame, ndipo mu Okutobala kampani ya TotalEnergies idalengeza kuti yakonzeka kuyambiranso ntchito. Mwachidule, njira ya a Nyusi yodalira asilikali a Rwanda idapitirira.

Kumidzi nkhani idali ina. Mu Epulo 2025 zigawenga zidaukira misasa ya m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa. Mu Juni bungwe la Human Rights Watch lidati ana osachepera 120 adali atabedwa m'chigawo cha Cabo Delgado. Kumapeto kwa Julayi anthu oposa 46,000 adathawa m'midzi ya ku Chiúre ndi maboma ena m'sabata imodzi yokha, ndipo bungwe la United Nations loona za othawa kwawo lidati anthu pafupifupi 100,000 adasamuka mu Novembala zigawenga zitaukira ku Memba ndi madera ozungulira. Chithunzi chimene chidaoneka ndi cha chitetezo chokhwima kuzungulira malo a gasi, pamene midzi ya kutali idatsala poyera.

Kusintha kwa utsogoleri kutsidya kwa nyanja nako kudafika mpaka m'misasa ya othawa nkhondo. A Donald Trump atabwerera pampando ku America mu Januwale 2025, boma lawo lidatseka bungwe la USAID, limene linkathandiza kwambiri pa zaumoyo ndi chakudya ku Mozambique. Mu Malichi chaka chomwecho banki ya boma la America idavomereza ngongole ya madola 4.7 biliyoni yothandizira ntchito ya gasi. Ndalama za gasi zidapezeka pa nthawi imene thumba la chithandizo linkaphwa.

Zomwe maiko ena adaona

Ku Nigeria a Muhammadu Buhari, amene adali mkulu wa asilikali, adapambana chisankho cha 2015 polonjeza kuthana ndi gulu la Boko Haram. Asilikali adalandadi matauni ambiri, ndipo kumapeto kwa chakacho a Buhari adalengeza kuti gululo lathyoledwa msana. Mu 2016 gululo lidagawikana, ndipo nthambi yake yogwirizana ndi Islamic State idakula mphamvu kuzungulira nyanja ya Chad. Pamene a Buhari ankachoka pampando mu 2023, alimi a m'chigawo cha Borno ankaphedwabe m'minda mwawo.

Ku Mali asilikali adalanda boma mu 2020 ponena kuti atsogoleri osankhidwa alephera kuteteza dziko, ndipo adalandanso boma mu 2021. Boma la a Assimi Goïta lidasiyana ndi asilikali a France mu 2022, lidachotsa a United Nations mu 2023, n'kudalira a ku Russia. Pofika Sepitembala 2025 zigawenga zidali zitayamba kutchinga ndi kutentha magalimoto onyamula mafuta opita kulikulu la dzikolo, Bamako. Atsogoleri onsewa adasintha akuluakulu a nkhondo kapena abwenzi akunja, koma madandaulo a malo, msipu ndi ntchito amene amadyetsa zigawenga adatsala momwemo.

Muyeso wa mlimi

Kwa mlimi, kukula kwa chiopsezo kumayezedwa ndi kalendala ya munda. Banja lothawa mu Novembala, mvula yoyamba ikugwa, lataya chakudya cha chaka chonse. Lothawa mu Julayi limasiya nkhokwe yodzaza, ndipo zokololazo ndizo zimakadyetsa zigawenga kutchire. Kumalo othawirako monga Metuge, obwera amadalira minda yobwereka kwa eni dera, ndipo zaka zikamapita mikangano ya malo imabuka pakati pa anthu amene poyamba adalandirana ndi manja awiri.

Choncho pofuna kudziwa ngati utsogoleri watsopano ukusinthadi zinthu, pali zizindikiro zooneka ndi maso. Choyamba ndi khalidwe la asilikali. Mu 2021 bungwe la Amnesty International lidapeza kuti zigawenga, asilikali a boma komanso aganyu onse adachitira nkhanza anthu wamba, ndipo msilikali womenya msodzi kapena kulanda katundu pamsewu amalembera zigawenga anthu atsopano. Chachiwiri ndi kubwerera kwa aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi kumadera omasulidwa, chifukwa mudzi wopanda sukulu ndi chipatala suchedwa kusiyidwanso. Chachitatu ndi chilungamo pa nkhani ya malo ndi chipukuta misozi kumene kuli migodi ndi gasi. Chachinayi ndi mwayi wa ntchito ndi mpamba wa bizinesi kwa achinyamata, poti ku Cabo Delgado ambiri adakopedwa ndi malonjezo a ngongole, ntchito ndi maphunziro.

Ogwira ntchito zachitukuko m'madera a kumalire, monga ku Niassa, Mangochi ndi Machinga, ali ndi gawo lawo. Chaka cha chisankho chikamayandikira, ndi bwino kugawa mbewu ndi zipangizo mofulumira, kusunga kaundula wa mabanja ndi minda yawo pamalo oposa amodzi, ndiponso kugwirizana ndi mafumu za njira yofalitsira uthenga zinthu zikavuta. Makolo ayenera kufufuza bwino munthu aliyense wolonjeza ana awo ntchito kapena sukulu kutali. Mafumu, mashehe ndi abusa akamakhala pamodzi m'makomiti a chitukuko, zimavuta kuti wina agawanitse mudzi poloza chala chipembedzo china.

Chisankho china cha mtsogoleri wa dziko la Mozambique chikuyembekezeka mu 2029. Pofika nthawiyo padzakhala patadutsa nyengo zinayi za dzinja chilowere a Chapo m'boma, ndipo mabanja a ku Chiúre, Macomia ndi Memba adzawerenga kuti mwa nyengo zimenezo ndi zingati zomwe adabzala, kupalira ndi kukolola m'minda yawoyawo.