Kodi mankhwala a m'munda angalepheretse mnyamata kudzabereka?

Achinyamata anzanga, pa msonkhano wathu wa kalabu ku Ulongwe mnyamata wina anafunsa funso loti ena anaseka nalo. Iye anati, "Mchimwene wanga watha zaka zinayi pa banja opanda mwana. Anthu akuti alamu ndi chumba. Nanga vuto silingakhale kwa mchimweneyo?" Yankho ndi loti likhoza kukhala kwa iye, ndipo nthawi zina gwero lake limakhala lakale, iye asanabadwe n'komwe.

M'thupi mwathu muli timadzi totchedwa mahomoni. Kwa mwana wamwamuna homoni yaikulu ndi testosterone. Pakati pa sabata yachisanu ndi chitatu ndi yakhumi ndi chinayi ali m'mimba mwa mayi ake, homoniyi ndi imene imaumba ziwalo zake zoberekera. Tsono pali mankhwala ena amene akalowa m'thupi la mayi woyembekezera amatseka njira ya homoniyi. Mwanayo akhoza kubadwa machende osatsikira m'thumba mwake, kapena akadzakula umuna wake umakhala ndi mbewu zochepa komanso zofooka. Kunjaku amaoneka mnyamata wa mphamvu, wogenda mpira bwino, vuto n'kudzaululika atakwatira.

Chitsanzo chodziwika ndi DDT. Ku Limpopo, m'dziko la South Africa, amapopera DDT m'nyumba pofuna kupha udzudzu. Mu 2007 akatswiri a ku University of Pretoria analengeza zomwe anapeza atayeza amuna 311 a kumeneko: omwe anali ndi DDT wambiri m'magazi, mbewu zawo zinali zoyenda mofooka. Kafukufuku wina wa mu 2010 anapeza kuti amayi a m'midzi yopoperedwayo ankabereka kawirikawiri ana aamuna a vuto pa ziwalo zobisika kusiyana ndi a m'midzi ina.

Musandimve molakwa. Maneti athu ogonamo alibe DDT, ndipo zoti neti imachotsa mphamvu za abambo ndi mphekesera chabe. Malungo ndiye amapha.

Kwathu kuno nkhawa yanga ili m'munda. Ife a ku Balaka takula ndi thonje. Ineyo ndinayamba kunyamula chopopera ndili Sitandade 6, opanda nsapato, malaya atanyowa kumsana, dimethoate akununkha mpaka pa nsima. Si mankhwala onse amene amasokoneza mahomoni, koma poizoni ndi poizoni basi. Ndipo taonani zomwe timachita. Mayi wa pakati amachapa zovala zopoperera ndi manja. Botolo likatha timatsukamo pang'ono n'kuyamba kusungiramo mchere kapena mafuta ophikira. Pa msika timagula mankhwala ogawidwa m'mabotolo a zakumwa, opanda dzina, pomwe bungwe la Pesticides Control Board limafuna kuti aliwonse akhale olembetsedwa komanso a chizindikiro.

Mwina mukufunsa kuti nanga izi zikukhudzana bwanji ndi Edzi? Kwambiri zedi. Banja likasowa mwana, chala chimaloza mkazi. Mwamuna, poopa kunenedwa kuti anagwa m'papaya, amayamba kuyesa kunja opanda kondomu kuti aonetse kuti ndi mwamuna. Ena amalowetsa fisi m'nyumba usiku. Mwana osabwera, chobwera n'kukhala kachirombo ka HIV. Komanso tisanamizire mankhwala a m'munda okha, pajatu chinzonono chosachizidwa msanga chimatseka njira zoberekera kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Banja lotere lipite limodzi ku chipatala cha boma ku Balaka kapena ku Liwonde, onse awiri akaonedwe, akayezetsenso magazi.

Kwa inu alongo amene muli ndi makanda aamuna, mukamawasambitsa muziona ngati machende onse awiri ali m'thumba. Ngati limodzi silinatsike mwana atakwana miyezi isanu ndi umodzi, uzani achipatala. Opaleshoni yake imathandiza kwambiri ikachitika mwana adakali wamng'ono, osati kudikira kuti akule.

Woyembekezera kapena woyamwitsa asayandikire kosakaniza ndi kopopera mankhwala, ngakhale ana aang'ono asatumidwe ntchito imeneyi. Wopopera avale zophimba thupi lonse, asayang'anizane ndi mphepo, ndipo akamaliza asambe ndi sopo asanagwire chakudya. Botolo lotha litsukidwe katatu, madziwo athiridwe m'chopopera momwemo, kenako libooledwe kuti wina asadzatolenso n'kukatungira madzi akumwa.