Kusaka Nyama ndi Maere: M'mene Amasungira Nyama za Elk ku America

Achikumbi ambiri amayesa kuti mlenje ndi wosunga nyama za m'tchire ndi adani osamwerana madzi, popeza wina afuna kupha pamene mnzake afuna kuteteza. M'nkhani ino tifuna kukusimbirani za dziko la United States of America, kumene anthu awiriwa anaphunzira kugwira ntchito pamodzi, kotero kuti nyama imene inatsala pang'ono kutheratu inachulukanso. Nyamayo dzina lake ndi elk. Nkhaniyi ikhudza alenje, koma ikhudzanso alimi oweta ng'ombe, pakuti udzu umene elk zidya ndi womwewo umene ng'ombe zifuna.

Maonekedwe ndi makhalidwe ake

Poiona elk ifanana ndi mbawala zathu, ngakhale mtundu wake ndi wina. Kukula kwake ipambana ngoma koma siifika pa nchefu. Yamphongo ilemera ngati mapaundi 700, ndipo yaikazi ngati mapaundi 500. Zamphongo zokha ndizo zili ndi nyanga, ndipo nyangazo ndi zanthambi ngati mtengo. Chodabwitsa n'chakuti chaka ndi chaka zimathothoka nyengo yachisanu ikamatha, ndi kumeranso zatsopano. M'miyezi ya September ndi October zamphongo zimalira ndi mawu akuthwa omveka kutali, ndipo zimamenyana polimbirana zazikazi. Imodzi yamphamvu isonkhanitsa zazikazi zambiri. Ana abadwa cha m'May ndi June, ndipo kawirikawiri yaikazi ibala mwana mmodzi pachaka.

M'nyengo yotentha nyamazi zimadya kumapiri aatali. Chipale chofewa chikakwirira udzu wa kumeneko, zimatsikira kuzigwa. Tsono kuzigwako ndi kumene alimi ali ndi minda, mipanda ndi milu ya udzu wouma wosungira ng'ombe zawo. Mkangano wonse umene tikambe pano uyambira pamenepa.

M'mene zinatsala pang'ono kutha

Akatswiri amayerekeza kuti Azungu asanafike ku America kunali elk ngati mamiliyoni 10. Pofika chaka cha 1900 zinatsala zosakwana 100,000, ndipo m'zigawo zakum'mawa zinali zitatheratu. Nkhalango zinasanduka minda, ndipo alenje amalonda ankapha popanda malire kuti agulitse nyama ndi zikopa. Ena ankapha nyama yaikulu chotere chifukwa cha mano awiri okha, amene anthu ankakongoletsera maunyolo a mawotchi awo, thupi lonse ndi kulisiya liwole.

Oyamba kudandaula anali alenje omwe. M'chaka cha 1887 Theodore Roosevelt ndi George Bird Grinnell anayambitsa bungwe la Boone and Crockett Club, limene linalimbikira kuti pakhale malamulo a kusaka. M'chaka cha 1900 Boma linaika lamulo lotchedwa Lacey Act, loletsa kutumiza kuchigawo china nyama yophedwa mophwanya lamulo. Maboma a zigawo nawo analetsa malonda a nyama za m'tchire ndi kuika nyengo za kusaka. Elk zambiri zimene zinapulumuka zinali ku Yellowstone, nkhalango yosungirako nyama imene anaipatula m'chaka cha 1872, ndi m'madera oyandikana nayo.

Kuchokera kumeneko anayamba kutumiza nyamazi pa sitima za pamtunda kumalo kumene zinatha. M'chaka cha 1913 zina zinapita ku Arizona, zina ku Pennsylvania. Ntchito yotere inapitirira kwa zaka zambiri. Pakati pa 1997 ndi 2002 chigawo cha Kentucky chinalandira elk zoposa 1,500, ndipo anazimasula pa malo amene kale ankakumbapo malasha. Lero ku North America kuli elk ngati miliyoni imodzi, ndipo chigawo cha Colorado ndicho chili ndi zambiri koposa.

Ndalama za ntchitoyi zichokera kuti?

Kusunga nyama kufuna ndalama zolipirira alonda, zogulira malo ndi zowerengera nyamazo. M'chaka cha 1937 Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasaina lamulo limene analibweretsa Key Pittman wa ku Nevada ndi A. Willis Robertson wa ku Virginia. Mwa lamuloli, msonkho wa magawo 11 pa 100 alionse a mtengo wa mfuti zosakira ndi zipolopolo umagawidwa kwa maboma a zigawo, molingana ndi kukula kwa chigawo ndi kuchuluka kwa alenje a malaisensi. Pa madola anayi alionse a ntchito yovomerezedwa, atatu achokera ku msonkhowu, imodzi ku chigawo. Ndipo chigawo chimene chipatutsa ndalama za malaisensi ku ntchito zina sichilandira kanthu. Chotero mlenje aliyense pogula chipolopolo asonkhera nyama za mawa.

Kuwerenga nyama ndi kuika malire

Kumeneko nyama za m'tchire si za mwini munda, ngakhale zigone m'munda mwake. Ndi za anthu onse, ndipo boma la chigawo ndilo lizisunga m'malo mwawo. Chigawo chilichonse anachigawa m'madera a manambala. M'nyengo yachisanu, pamene nyama zasonkhana poyera, akatswiri amauluka ndi ndege zazing'ono kapena helikopita ndi kuziwerenga. Sawerenga mitu yokha ayi. Afuna kudziwa kuti pa zazikazi 100 zilizonse pali ana angati, ndi zamphongo zingati. Ana akachepa, adziwa kuti pali njala, matenda kapena zilombo zolusa.

Dera lililonse lili ndi chiwerengero chimene anagwirizana kuti msipu wake ungathe kudyetsa. Pochiika amamva maganizo a alimi, alenje ndi oyang'anira nkhalango. Nyama zikapitirira chiwerengerocho, amatulutsa zilolezo zambiri zophera zazikazi. Zikachepa, amaletsa kupha zazikazi. Mlimi aliyense woweta amvetsa chifukwa chake: kugulitsa nkhunzi zingapo sikuchepetsa ana m'khola, pakuti nkhunzi imodzi ikwanira zazikazi zambiri, koma kuchotsa yaikazi ndiko kuchotsa ana ake onse a m'tsogolo.

Adziwanso kuti si mlenje aliyense abwerako ndi nyama. Tiyerekeze kuti dera lina lifuna kuchotsa zazikazi 300, ndipo zaka zapitazo zinaonetsa kuti mlenje mmodzi yekha mwa atatu ndiye amapha. Pamenepo atulutsa zilolezo 900. N'chifukwa chake alenje amafunsidwa kunena zimene anapha nyengo ikatha.

M'mene maere achitikira

M'madera ambiri ofuna kusaka achuluka kupambana zilolezo, makamaka kumene kuli zamphongo za nyanga zazikulu. Kuti pasakhale kukondera, amachita maere. Kumayambiriro kwa chaka mlenje atumiza pempho lake ndi ndalama, natchula dera limene afuna, nyengo yake, chida chake, kaya ndi uta ndi mivi, mfuti ya gogodela kapena mfuti yamakono, ndiponso ngati afuna yamphongo kapena yaikazi. Masiku ano kompyuta ndiyo isankha maina.

Njira za maere zili zitatu. Yoyamba ndi ya maere enieni, monga ku Idaho ndi ku New Mexico, kumene wopempha koyamba ndi wopempha kwa zaka 20 ali ndi mwayi wofanana. Ku New Mexico magawo 84 pa 100 a zilolezo apita kwa nzika za chigawocho, 10 kwa osaka ndi otsogolera alenje olembetsedwa, ndi 6 kwa alendo osaka paokha. Yachiwiri ndi ya mzere: wolephera chaka chino akhala ndi pointi imodzi, ndipo wa mapointi ambiri ndiye ayamba kulandira. Colorado yatsata njirayi kwa zaka zambiri. Ku Wyoming, pa zilolezo za alendo, zitatu mwa zinayi zipita kwa a mapointi ambiri, ndipo chachinayi achichitira maere enieni. Yachitatu iphatikiza ziwirizi: mapointi aonjezera mwayi koma salonjeza kanthu. Ku Nevada amachulukitsa mapointi ndi iwo okha, kotero kuti wa mapointi 5 dzina lake lilowa m'maere ka 25 kuonjezera pa pempho la chaka chimenecho.

Njira iliyonse ili ndi pobisalira chilema. Taganizani za dera la zilolezo 10 pachaka ndi opempha 500. Ngati atsata mzere, womalizira adikira zaka 50, ndipo mnyamata woyamba lero aima kumbuyo kwa onsewo. Ku Colorado alipo madera amene munthu adikira zaka zoposa 20. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ena akalamba ali pa mzere, ndipo chilolezo chifika miyendo itakana kukwera phiri. Maere enieni nawo angapatse munthu mmodzi kawiri, mnzake osalandira konse. Palinso kudandaula kwa nzika zimene zifuna kuti alendo achepe, pamene alendowo ndiwo alipira mitengo yokwera kwambiri, imene ithandiza kuyendetsa ntchito yonse.

Wolandira chilolezo ali ndi malamulo akenso. Asake m'dera lake ndi m'masiku ake okha. Akapha alembe tsiku pa chiphaso chake pomwepo. Kutenga nyanga ndi kusiya nyama iwole ndi mlandu. M'zigawo zambiri wosaka ndi mfuti avala chovala chowala ngati lalanje kuti anzake amuone. Padera pa maerewa pali ufulu wa mafuko a eni dziko. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti ufulu wa kusaka umene fuko la Crow linalonjezedwa m'pangano la 1868 sunathe pamene Wyoming inasanduka chigawo m'chaka cha 1890.

Pamene nyama zichuluka koposa

Walira mvula walira matope. Elk zitachuluka zinayamba kugwetsa mipanda ndi kudya udzu wouma wa alimi. Maboma a Colorado ndi Wyoming amalipira alimi pa zoonongekazo, ndipo amathandiza kumanga mipanda yaitali kuzungulira milu ya udzu. Zigawo zina zimapatula zilolezo za eni malo. Koma nyamazi n'zochenjera. Mfuti zikayamba kulira zimathawira m'mafamu amene eni ake salola kusaka, ndipo nyengo ikatha zimalowa m'minda ya oyandikana nawo. Ku Montana madera ambiri akhala ndi nyama zopitirira muyeso chifukwa cha ichi, pakuti chilolezo sichithandiza ngati mlenje sangafike pamene pali nyama.

Za ku Yellowstone zitiphunzitsa china. Kumeneko kusaka n'koletsedwa, koma alonda ankachepetsa elk mpaka chaka cha 1968. Ataleka, gulu la kumpoto linakula kufika ngati 19,000 m'chaka cha 1994, ndipo linadya mphukira za mitengo ya m'mbali mwa mitsinje kotero kuti mitengoyo inaleka kukula. M'zaka za 1995 ndi 1996 anabweretsa mimbulu 31 kuchokera ku Canada. Pofika 2013 anawerenga elk zosakwana 4,000. Mimbulu siinachite zimenezi yokha, pakuti zimbalangondo, mikango ya m'mapiri, chilala ndi alenje osaka kunja kwa malire a nkhalangoyo zinathandizana. M'malo ena mitengo inayambanso kukula.

Ku Jackson Hole, m'chigawo cha Wyoming, anayesa njira ina. Alimi atatenga chigwa chimene elk zinkadyamo m'chisanu, zikwizikwi zinafa ndi njala pakati pa 1909 ndi 1911. M'chaka cha 1912 Boma linapatula malo otchedwa National Elk Refuge, amene lero ali maekala oposa 24,000, ndipo kumeneko amazipatsa chakudya chisanu chikakula. Boma la Wyoming nalo lili ndi malo odyetserapo oposa 20. Chifundochi chinapulumutsa nyama ndi udzu wa alimi, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyama zikapanikizana pamodzi zipatsirana matenda. Ena ndi a brucellosis, amene achititsa zazikazi kutaya bere, ndipo amatha kulowa m'makola a ng'ombe. Ena ndi owondetsa, amene aononga ubongo wa nyama mpaka kufa. Anayamba kuwaona m'chaka cha 1967 ku Fort Collins, ku Colorado, ndipo mankhwala ake palibe. Alimi aopa kuti kudyetsa kukalekeka elk zidzathamangira m'makola mwawo, pamene akatswiri aopa kuti kukapitirira matenda adzafalikira. Mlanduwu sunathe.

Mawu otsiriza

Tsono, achikumbi anzathu, taonani chimene chinabweza nyamayi. Anthu anayamba ndi kuwerenga zimene ali nazo, nayesa msipu umene ulipo, naika malire a zochotsa chaka ndi chaka, ndipo anapeza njira yogawana imene wolemera ndi wosauka a m'chigawo chimodzi aima pa mzere umodzi. Pamene analekerera kupha, nyama zinatha. Pamene analekerera kuswana, udzu ndi mitengo zinatha. Msipu uli ndi muyeso wake, kaya odyapo ndi elk, ng'ombe kapena mbuzi. Woweta wanzeru ayendera dambo lake m'mwezi umene udzu uchepa koposa, awerenga ziweto zake, ndipo achotsa zopitirira zikadali zonenepa.