Ine Ndimangosindikiza

Mwezi wathawu, ndili khale pakhonde kuno ku Ntcheu, kumene ndinadzapumira nditatha zaka zambiri ndikuyang'anira nyumba yosindikiza mabuku mumzinda, kunafika mnyamata wina amene ali ndi kashopu ka kompyuta ndi makina a fotokope pa Boma, nkhope itagwa, kalata ya loya ili m'manja. Munthu wina anamubweretsera kapepala konena kuti mkulu wa mpingo wakutiwakuti anadya ndalama zomangira tchalitchi. Mnyamatayo, osawerenga n'komwe, anakasindikiza kochuluka nalandira zake, ndipo tsopano wonenezedwayo afuna chipukuta misozi, osati kwa wolemba yekha, amene akuti anaolokera ku Mozambique cha ku Biriwiri, komanso kwa wosindikiza.

"Koma bambo," anatero iye, "ine ndimangosindikiza. Zolembazo si zanga."

Mawu amenewa ndawamva kwa akulu ndi ana omwe, kwa eni makina aakulu ngati nyumba ndi kwa eni kamakina konyamula m'khwapa, ndipo kunena zoona ndatopa nawo. Wosindikiza aganiza kuti akalandira ndalama angathe kusamba m'manja monga Pilato, tchimo lonse nkutsalira wolemba. Koma pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu, lamulo limene tinatengera kwa Angerezi silifunsa amene anagwira cholembera yekha, lifunsanso manja onse amene anathandiza kuti mawuwo afike m'maso mwa anthu, pakuti bodza lokhala m'kope la mwini wake silipweteka munthu, koma likachulukitsidwa ndi kumwazidwa pamsika wa Kampepuza lisanduka mkondo. Kunena kuti simunawerenge ndi chishango chopyapyala ndithu. Walira mvula walira matope, mwana wanga, ndinamuuza. Unafuna makasitomala, landiranso katundu amene abwera naye.

Pamenepo ndinamufunsa za imprint, ndipo anandiyang'ana ngati ndalankhula Chingoni cha agogo ake. Imprint ndi timawu tating'ono tija timene tikhala kuseri kwa tsamba loyamba kapena kumapeto, tonena dzina la wosindikiza ndi malo ake, dzina la wofalitsa ndi malo ake, ndi chaka chimene bukulo linatuluka. Si zokometsera ayi. Lamulo lotchedwa Printed Publications Act, limene linaikidwa m'chaka cha 1947 dziko lino likali Nyasaland, ndipo likugwirabe ntchito kufikira lero, lilamula kuti buku losindikizidwa muno likhale nato timawuto. Ndipo "buku" m'lamulomo si lokhalo lokhala ndi chikuto cholimba, pakuti timabuku ting'onoting'ono, nyuzipepala ndi mapu ziwerengedwa momwemo. Lamulo lomwelo lifuna kuti wofalitsa atumize kope limodzi, ndi ndalama zake, kwa wosunga mbiri ya dziko ku National Archives ku Zomba isanathe miyezi iwiri, ndi kuti nyuzipepala ilembetsedwe kumeneko isanayambe kutuluka. Ena aona ngati chimenechi ndi goli la atsamunda. Ine ndichikonda, chifukwa mbiri za mipingo ndi za mafumu athu zimene aphunzitsi opuma alemba masiku ano, ngati sizifika ku Zomba, chiswe ndicho chidzaziwerenga.

Amene akayikabe kuti wosindikiza asenza nawo katundu wa mawu, akumbuke za anansi athu a ku Balaka. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, nigwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, inasindikizidwa kumeneko, kwa ansembe a Montfort, gulu lomwe lija limene linatsegula mishoni ya Nzama kuno kwathu m'chaka cha 1901. Ndipo boma litanena kuti kalatayo ndi youkira, moto unaponyedwa m'nyumba yosindikizirayo, ngakhale olemba anali maepiskopi. Kusiyana kwake n'kwakuti ansembewo anawerenga, nadziwa chimene agwira, nasankha kuchisenza. Mnyamata wangayu anasenza mtolo osaumasula.

Chinanso chimene chindiwawa ndi fotokope ya mabuku a sukulu. Mphunzitsi abwera ndi buku limodzi, achoka ndi makumi atatu, ndipo iye ndi mwini makina onse awiri adziyesa athandiza ana amasiye. Umphawi ndiudziwa, koma Copyright Act ya 2016 iteteza wolemba ndi wofalitsa, amene nawonso ali ndi ana ofuna fizi. Ndipo bungwe la COSOMA lipereka chilolezo cha ntchito yochulukitsa zolemba za ena, chimene ambiri a inu osindikiza simunachifunsepo.

Malo andithera, ndipo ine si loya, choncho zotsalazi muzikafunsenso kwa odziwa, pakuti safunsa anadya phula. Werengani chilichonse musanakanikize batani. Khalani ndi kaundula wolembamo dzina la wobweretsa ntchito, tsiku lake, ndi kope la chimene mwasindikiza, iye asayinepo. Sikuchotsa mlandu wonse, koma kuthandiza. Satifiketi ya MANEB, chidindo cha ofesi kapena lisiti la kampani ya eni, munthu akati mungosinthako dzina pang'ono, mutulutseni, pakuti kumeneko ndi kundende. Chiphaso cha bizinesi cha ku khonsolo ndi nambala ya msonkho ya ku MRA zikhale pakhoma, ndipo anyamata otsuka makina ndi mankhwala onunkha aja muwatsegulire mawindo.

Mnyamata uja ndinamutumiza kwa loya. Asanachoke ndinamufunsa kuti wonenezedwayo anamudziwa bwanji, popeza pakapepala paja sanaikepo dzina lake. Anati makina ake ali ndi chilema, asiya mzere wakuda m'mphepete mwa tsamba lililonse, ndipo mkulu wa mpingo uja anauzindikira msanga, chifukwa mapulogalamu a ukwati wa mwana wake anasindikizitsa pomwepo.