Château de Monbazillac: Linga, Nyumba Yokhalamo ndi Munda wa Mphesa

Mukamaphunzitsa Chifalansa simuchedwa kukumana ndi mawu akuti château. Ophunzira ambiri amangoti ndi “nyumba ya mfumu”, koma kumasulira kotere kumawasocheretsa akapeza mawuwa pa botolo la vinyo kapena m’buku la mbiri yakale. Tiyeni tione nyumba imodzi imene imasonyeza matanthauzo atatu a mawuwa.

Château de Monbazillac ili pachitunda kumwera kwa tauni ya Bergerac, m’dera la Dordogne, kumwera chakumadzulo kwa France. Inamangidwa cha m’ma 1550 ndi banja la d’Aydie.

Tanthauzo loyamba ndi linga. Pa ngodya zake zinayi pali nsanja zobulungira za madenga osongoka. Palinso ngalande yopanda madzi yolepheretsa adani kuyandikira. Pamwamba pa makoma pali kanjira ka alonda, kokhala ndi mabowo ogwetserapo miyala pa mdani wofika patsinde pa khoma. Mabowowa Afalansa amawatcha mâchicoulis, ndipo nyumba yomangidwira nkhondo amati château fort. Kamangidwe aka n’kakale kuposa nyumbayi ndi zaka mazana angapo.

Tanthauzo lachiwiri ndi nyumba yabwino ya munthu wolemekezeka. Makoma omwewo ali ndi mazenera akuluakulu ogawidwa ndi mitanda ya miyala, ndipo mkati muli makwerero otakasuka. Izi n’za nyengo ya Renaissance, imene luso lake linafalikira ku France kuchokera ku Italy, makamaka mafumu a France atayamba nkhondo zawo kumeneko mu 1494.

Zenera lalikulu limafooketsa khoma. Nanga bwanji omanga anafuna zonse ziwiri? Mwininyumba ankafuna kuwala ndi ulemu, koma analibe chitsimikizo cha mtendere. Nsanja zinkasonyeza kuti iye ndi mkulu wa dera, komanso zikanatha kubweza kagulu ka achifwamba. Mantha akewo sanali opanda pake: kuyambira 1562 mpaka 1598 Akatolika ndi Apulotesitanti anamenyana m’dzikomo, ndipo Bergerac inali malo amphamvu a Apulotesitanti.

Tanthauzo lachitatu ndi munda wa mphesa pamodzi ndi vinyo wake. Monbazillac imadziwika ndi vinyo woyera wotsekemera, amene dzina lake linatetezedwa ndi lamulo mu 1936. Nthawi yokolola ikayandikira, chifunga cham’mawa chimameretsa chuku chotchedwa Botrytis cinerea pa mphesa. Dzuwa lamasana likawomba, mphesazo zimafota, madzi n’kuchepa, shuga n’kutsala wambiri. Kuyambira 1960, nyumbayi ili m’manja mwa bungwe la alimi a mphesa a m’deralo.

Mbiri ya vinyoyu ndi yolumikizana ndi nkhani ya chipembedzo ija. Mfumu Louis XIV italanda Apulotesitanti ufulu wopembedza mu 1685, ambiri anathawira ku Holland, komwe anathandiza kukulitsa msika wa vinyo wa kwawo. Apulotesitanti ena a ku France anafika ku Cape mu 1688, ndipo dzina la Franschhoek ku South Africa limawakumbutsabe.

Ntchito: Asonyezeni ophunzira anu chithunzi cha nyumbayi. Alembe mbali ina zimene zikusonyeza nkhondo, mbali ina zimene zikusonyeza mtendere. Kenako afotokoze tanthauzo lililonse la château m’chinenero chawo. Kodi mawu amodzi akwanira?