Kapaipi kochepa, chiwonongeko chachikulu

M'misewu ya ku Area 3, mumzinda wa Lilongwe, mumayenda magalimoto ambiri a dizilo okhala ndi chipangizo chotchedwa turbo. Chipangizochi, chimene Alfred Büchi wa ku Switzerland adalembetsa monga luso lake m'chaka cha 1905, chimazunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini, ndipo chimakankhira mpweya wochuluka m'injinimo kuti mphamvu ikule. Pa mphindi imodzi chimatha kuzungulira koposa ka 100,000, motero moyo wake wagona pa oyilo amene amafika kudzera m'kapaipi kachitsulo.

Kapaipika kakayamba kudontha, oyilo amagwera pa chitsulo chotentha cha ekizozi. Pamenepo utsi umafuka, mwinanso moto umabuka. Ndipo oyilo akachepa, turbo imauma nkufa. Mwini galimoto woumira ndalama ya paipi amadzagula turbo yathunthu.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba wadikira kuti injini izizire, nachotsa waya wa batire. Kenaka amamasula mabawuti a mbali zonse ziwiri, atapukuta malowo kuti fumbi lisalowe. Paipi yakale saiwotcherera, popeza m'kati mwake mumaundana oyilo wopserera amene amatseka njira. Amaika yatsopano pamodzi ndi mawashala atsopano akopa, nathira oyilo pang'ono m'turbo asanamange. Potsiriza amaliza injini osaponda moto, maso ali polumikizira.

Mnyamata kapena mtsikana wolakalaka umakaniko adziwiretu kuti ntchitoyi sifuna phuma, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.